Mutu Wachisanu: Dzino Lachitatu la Pulagi

1. Tivi yolankhula popanda nkhope

Aliyense wodutsa pa msewu wopita ku msika wa Matero ankadziwa kuti tivi ya amake Jordan yadwala. Ankadziwira mabenchi. Kale nthawi ya nkhomaliro ikakwana, m'kalesitilanti kawo munkadzaza madalaivala a minibasi ndi makondakitala, maso onse pakhoma, pakamwa pakugwira ntchito yake. Tsopano pa mabenchiwo pankatera ntchentche zokha. Anthu aja anali atasamukira tsidya la msewu, kwa mayi wina wophika nyama yolimba ngati tayala, koma wokhala ndi tivi yamoyo.

Matenda a tiviyo anali oseketsa kwa amene si mwini wake. Inkalankhula bwinobwino, inkaimba, inkalengeza zigoli, koma sikirini yake inkangoti mbee, popanda chithunzi.

Choncho m'mawa wina chakumapeto kwa tchuthi, tiviyo inafika pa kashopu ka a Cephas, okonza mativi ndi mawailesi, itagonekedwa pa wilibala, atayifunditsa chitenje. Woikankha anali a Whyson, bambo wogula zipangizo zakufa n'kumagulitsa zam'kati mwake. Anadzipereka okha kuinyamula ulere, koma musafulumire kutama chifundo chawocho. Diso lawo linali pa tiviyo.

M'shopumo anapezamo Towela yekha. Towela anali mwana wa mlongo wawo wa a Cephas, mtsikana wa giredi 12. Anzake akamapita kokalukitsa tsitsi pa tchuthi, iye ankabwera kudzanunkhiza utsi wa mtovu pa tebulo la amalume ake, ndipo ankasangalala nazo.

"Ba Cephas baliko?" anafunsa amake Jordan akupukuta thukuta.

"Bayenda ku chipatala cha maso, ba anti. Sinizibe ngati bazabwela msanga."

"Mayo ine!" Mayiwo anakhala pansi pa kasitulu. "Bamakanika babili bayangana kale. Bonse bati sikilini inafa, ati kugula sikilini ni chimozimozi na kugula tivi ya nyowani. Ba Whyson aba bafuna kuitenga ya masipeya. Nenze nati ba Cephas bayanganeko kotsiliza. Manje nalema, mwana wanga. Baitenge chabe."

"Mwakamba bwino, mayo," anatero a Whyson, manja ali kale pa zogwirira za wilibala.

Towela anamva chisoni. Ankadziwa kuti tiviyo ikalowa m'manja mwa a Whyson, pofika madzulo idzakhala itasanduka timatumba ta zidutswa, ndipo mabenchi aja sadzadzazanso.

"Nisiyileniko niyese, ba anti," anatero. "Bamalume bananilola kusebenza pa tebulo yao."

A Whyson anaseka mpaka kuonetsa mano am'kati. Sabata imeneyo magetsi ankazima dzuwa likafika paliwombo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. "Chabwino, mwaiche, kamwana iwe. Malaiti yakayenda, na ine nayenda nayo tivi. Mwavomela, mayo?"

Amake Jordan anagwedeza mutu. Anavomera.

2. Mawaya oyenda awiriawiri

Towela asanamalize kumasula chivundikiro cha kumbuyo, Sydney anali atalowa kale. Sydney anali mnyamata wokonza mafoni m'kantemba koyandikana ndi shopuyo. Anali ndi manja achangu ndi pakamwa pachangu kuposa manjawo. Palibe chinthu chimene chinatsegulidwapo mu Matero iye osaikapo mphuno.

Pa tebulo la a Cephas panali chipangizo chimene iwo ankachikonda kuposa jekete lawo la kutchalitchi. Dzina lake ndi osilosikopu, koma m'shopumo ankangoti sikopu. Ntchito yake ndi kujambula magetsi. Ili ndi chingwe chokhala ndi nsonga, chomwe amachitcha pulobu. Ukagunditsa nsongayo pa waya, sikopu imaonetsa mzere wokwera ndi kutsika, monga momwe magetsi akuchitira m'wayamo. Pambali pa nsongayo pamalendewera kachitsulo kopanira kokhala ngati kukamwa kwa ng'ona. Kameneko amakapanitsa ku galaundi, kutanthauza chitsulo cha thupi la chipangizo chomwe ukuyezacho.

M'kati mwa tivi munali mtolo wa timawaya toonda, topotana tiwiritiwiri, tochokera pa bodi yaikulu, kathabwa kodzaza tizipangizo ta magetsi, kupita ku sikirini. Uthenga wa chithunzi, womwe okonza amautcha sigino, umayenda m'menemo, ndipo umathamanga modabwitsa, kukwera ndi kutsika kambirimbiri munthu asanaphethire. Tambiri mwa timawayato timathamanga kwambiri moti sikopu yakale ya a Cephas sikanatha kutijambula bwino. Koma pali tiwiri tomwe ntchito yake ndi kusunga nthawi kuti sikirini idziwe pomwe iwerengere. Timeneto timayenda mosathamanga kwenikweni, ndipo tikasokonezeka chithunzi sichituluka n'komwe. Towela anayambira pamenepo.

"Leta kuno, nikulangize," anatero Sydney akumulanda pulobu. Anapanitsa kang'ona ku chitsulo, n'kugunda waya woyamba kumbali ya sikirini. Mzere unavina. Anagunda wachiwiri. Unavinanso.

"Waona? Sigino ifika yonse ibili. Bodi ili chabe bwino. Sikilini ndiye inafa. Ba Whyson, bweletsani wilibala!"

"Yembekeza, iwe," anatero Towela. "Wapima waya imozi-imozi. Sunapime kusiyana kwao."

Phunziro limeneli a Cephas anamuphunzitsa tsiku lina akudya chinangwa chowotcha pakhomo la shopu, ndipo iye sanaliiwale.

"Uthenga wothamanga kwambiri sauyendetsa pa waya mmodzi, mwana wanga," anatero tsikulo. "Amaupatsa mawaya awiri. Yang'ana mapedulo a njinga. Ina ikakwera, inzake itsika. Njinga ikagunda bampu, mapedulo onse akwera pamodzi, koma kumeneko si kupalasa ayi. Kupalasa kuli pa kusiyana kwa awiriwo. Mawaya awa ndi chimodzimodzi. Phokoso la magetsi a m'njira limawakweza onse pamodzi, ndipo sikirini silisamala. Imamvera chabe kusiyana. Ukapima waya mmodzi payekha, waona mwendo umodzi ukugwedezeka, koma sunadziwe ngati njinga ikuyenda."

Vuto linali lakuti sikopu ya a Cephas inkayeza waya aliyense poyerekeza ndi galaundi basi. Kuti uone kusiyana kwa mawaya awiri, pankafunika mapulobu awiri, kenako n'kuiuza sikopu kuti ichotsere mzere wina pa unzake. Towela anatsegula kabati. Pulobu yachiwiri munalibe. Apo m'pamene anakumbukira kuti amalume ake anaibwereketsa kwa a Chileshe, okonza magetsi a minibasi kuseri kwa siteshoni.

3. Nzeru za Sydney

"Ah, ni vamene ivo chabe?" Sydney anaseka. "Faka kang'ona pa waya imozi, nsonga pa inzake. Kusiyana kwaoneka. Pulobu imozi yakwana."

"Kang'ona ni galaundi, Sydney. Kazapaya sigino."

"Ni galaundi chifukwa cha zino iyi." Anazula pulagi ya sikopu pakhoma, n'kuloza dzino lachitatu, lalitali lija. M'thumba mwake munatuluka pulayala. "Tyola iyi, sikopu yamasuka. Bonse bamachita so. Ku tauni nimaona daily."

Apa Sydney sananame kwenikweni. Mu komboni mapulagi a mano athunthu ndi osowa. Ena amalowetsa mawaya osavala m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, wailesi n'kumaimba zaka ndi zaka. Munthu wokulira pakati pa zimenezi saona chifukwa cholirira dzino limodzi.

Amake Jordan anasuzumira panja. Mthunzi wa denga unali utafupika kwambiri.

"Mwana wanga," anatero mwaulemu, "ngati ni kazino chabe, tyolani. Nizagula pulagi inangu."

Towela anayang'ana pulayala, n'kuyang'ananso mayiwo. Kukana Sydney kunali kosavuta, ankamukana tsiku ndi tsiku. Koma kukana munthu wamkulu amene ukufuna kumuthandiza kumawawa. Ndipo ku siteshoni kunali kotalikirako ndithu.

Komabe mawu a amalume ake anali m'makutu. Anawalankhula tsiku loyamba lomwe anamulola kuyatsa sikopu, atazimitsa wailesi kuti amve bwino.

"Towela, mvetsera," anatero a Cephas tsikulo. "Kang'ona aka si waya wamba. M'kati mwa sikopu kalumikizidwa ku thupi lake lonse, ndipo thupilo lalumikizidwa ku dzino lachitatu la pulagi, lomwe limapita kunthaka. Ukakapanitsa pa waya wa uthenga, wautayira pansi uthengawo. Tsiku loipa kachipu, kaubongo ka pa bodi, kapsa, iwe n'kukhala wopha chinthu chomwe anakubweretsera kuti uchiritse.

"Manje padzabwera wochenjera wina, chifukwa ochenjera satha mu Lusaka muno. Adzakuuza kuti thyola dzinolo. Usadzamvere. Choyamba, sikopu idzakunamiza. Chibokosi chonsechi chidzalendewera pa kawaya kamodzi koonda ngati tsitsi, kanzake kali kopepuka. Pa liwiro lija, zimene udzaone zidzakhala zabodza.

"Chachiwiri ndiye chachikulu. Dzino lija ndi njira yothawira magetsi osochera. Ukalichotsa, ndiye kang'ona n'kuterereka kukagunda mbali ya mphamvu, zitsulo zonse za sikopu zimadzaza magetsi. Sizilira, sizinunkha, zimangokhala phee. Njira yothawira yotsala ndi dzanja lako. Ku Kitwe ndinagwira ntchito ndi mnyamata wina dzina lake Kombe, wa manja abwino kundiposa ine. Anathyola dzino kuti afulumire. Moyo anapulumuka, koma mpaka lero zala zake sizipinda, ndipo mabatani a malaya amamumangira ndi mkazi wake.

"Ukafuna kusiyana, tenga mapulobu awiri. Ting'ona tonse ku galaundi, pafupi, mawaya ake afupiafupi. Sikopu ichotsere yokha. Pulobu yachiwiri ikasowa, ntchito idikire, olo kasitomala akwiye bwanji."

Towela anatambasula dzanja. "Nipase pulagi, Sydney."

Sydney anamupatsa akumwetulira, poganiza kuti mtsikanayo akufuna kuthyola yekha. Koma Towela anazula chingwe chonsecho kumbuyo kwa sikopu, n'kuchikoleka m'khosi ngati mkanda. Ankamudziwa bwino mnzakeyo. Kumusiya ndi pulagi ndi pulayala m'chipinda chimodzi kukanakhala kumuyesa dala.

"Ba anti, munikhululukile. Zino sinizatyola. Nibwela manje-manje."

"Tamanga, mwaiche!" anafuula a Whyson mokondwa. "Olo uyende pang'ono-pang'ono, palibe vuto!"

4. Mapulobu awiri

Anthu a ku msika wa Matero aona zambiri, koma mtsikana wothamanga ndi chingwe cha magetsi m'khosi anali asanamuonepo. Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitana makasitomala. Kondakitala wina anamufunsa ngati akukadzitchaja. Towela analumpha ngalande n'kukhotera kuseri kwa siteshoni.

A Chileshe anawapeza miyendo yokha ikuoneka pansi pa minibasi. Ngakhale mtima unali pa dzuwa, Towela anagwada pang'ono n'kupereka moni wonse, kufunsa za kunyumba ndi za ana, chifukwa a Chileshe sankamva pempho la munthu wosapereka moni. Kenako anafufuza m'bokosi la masipanala mosafulumira, akudandaula za mitengo ya mabatire, mpaka pulobu inatuluka yodzaza girisi.

Pobwerera miyendo inali italemera. Atafika, chinthu choyamba chimene anayang'ana chinali babu la kudenga. Linali likuyakabe.

Anapukuta pulobu, n'kulumikiza zonse. Ting'ona tonse tiwiri anatipanitsa ku chitsulo cha tivi, pafupi ndi pomwe ankayeza. Anadina batani louza sikopu kuti ichotsere. Kenako anagunditsa nsonga zonse ziwiri pa waya mmodzi yemweyo.

"Manje wasokonezeka," anatero Sydney. "Waya imozi, mapulobu yabili?"

"Niyesa mapulobu poyamba. Chinthu ukachichosa pa icho cheka, pasala ziro. Laini ifunika kugona."

Mzere sunagone. Unkavina ndithu. Towela anatembenuza pulobu yochokera kwa a Chileshe, ndipo anapeza kuti kabatani ka pambali pake kanali katasunthidwa, moti mapulobu awiriwo sankaona mofanana. Anakabwezera pamalo pake. Mzere unagona kuti tasa. Akanapanda kuyesa, akanakhulupirira bodza la zida zake zomwe.

Tsopano anaika nsonga imodzi pa waya woyamba, ina pa wachiwiri, kumbali ya sikirini komwe Sydney anayeza kuja. Mizere iwiri inavina monga poyamba. Koma wachitatu, wa kusiyana uja, unangogwedezeka pang'ono ngati waulesi.

"Yangana bwino," anatero Towela. "Yakwela pamozi, yaseluka pamozi. Kusiyana kulibe."

Anasamutsira nsonga zija kumbali ya bodi, komwe mawayawo amayambira. Kumeneko wina akakwera, mnzake ankatsika, ndipo mzere wachitatu unadumpha wamtali, wooneka bwino.

Sydney anakanda m'mutu. "So pa bodi ichoka bwino, ku sikilini ifika yolakwika. Ndiye kuti..."

"Ndiye kuti vuto ili pakati. Waya imozi inaduka."

"Nanga ine nenze naona sigino pa yonse ibili bwanji?"

Towela anamuonetsa kalezisita kakang'ono ngati njere ya therere, kolumikiza mawaya awiriwo pomwe amathera. Waya wodukayo ankangotengera za mnzake kudzera pamenepo. Ukamuyeza payekha ankaoneka wamoyo, pomwe ankangotsanzira.

Ndi galasi lokulitsa la amalume ake, anatsatira kawayako mpaka pomwe kamalowera m'cholumikizira. Pamenepo panali pobiriwira. Nthunzi ya miphika ndi mafuta okazingira za m'lesitilanti muja zinali zitakadya pang'onopang'ono mpaka kuduka. Anatsuka ndi sipiriti, n'kulumikiza kachidutswa katsopano ndi mtovu. Anasamala kuti kakhale kofanana kutalika ndi kanzake, n'kutipotanso tiwirito monga tinalili, pakuti pa liwiro lotere waya wotalikirapo amafikitsa uthenga mochedwa.

A Whyson anali atasiya kuseka. Ankayang'ana babu la kudenga ngati munthu wopemphera.

5. Chithunzi

Towela anaimika tivi, n'kudina batani. Sikirini inayera monga kale. Amake Jordan anagwira pachifuwa. Kenako kuyera kuja kunang'ambika, ndipo panatuluka mayi wa duku lofiira akutakasa mphika, mitundu yonse ili ngwee.

Nthungululu imene amake Jordan anaimba inamveka mpaka ku siteshoni. Anavula chitenje cha m'chiuno chachiwiri n'kumukupiza nacho Towela, akuvina kuzungulira kasitulu. Sydney ankafuula kuuza odutsa kuti "taikonza," ndipo Towela anamusiya, chifukwa chimwemwe chinali chokwanira onse.

Mayi wa pa tivi uja asanathire n'komwe mchere, magetsi anati thi!

"Ine sinaone bwino," anayesa a Whyson.

"Mwaona, ba Whyson, mwaona!" anatero amake Jordan akuseka mpaka misozi. "Manje muzanipelekela ku lesitilanti na wilibala yanu yamene iyi. Nizakupasani nkhuku na chibwabwa."

A Whyson anaganiza pang'ono, n'kuona kuti mbale ya nkhuku ndi masamba a maungu si chinthu chokana. Anayamba kuyala chitenje pa wilibala.

"Nanga phokoso lonseli m'shopu mwanga ndi la chiyani?"

Onse anatembenuka. Pakhomo panaima a Cephas, diso limodzi litamatidwa ndi thonje, dzanja lili pa mphuthu ya chitseko. Amake Jordan sanadikire kufunsidwa kawiri. Anafotokoza zonse, za pulayala, za chingwe cha m'khosi, za mapulobu awiri, ndipo mwina anawonjezerako pang'ono. Sydney anapezeka kuti ali ndi kasitomala womudikira ku kantemba.

A Cephas anamvetsera mpaka kumapeto. Wilibala itatuluka, anafufuza kasitulu ndi phazi n'kukhala pansi mosamala, ngati munthu wokalamba kuposa amene anachoka m'mawa.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero. "Wachita monga ndikanachitira ine, mwinanso kuposa."

Towela anasangalala mpaka kusowa poyang'ana. "Nanga maso, bamalume? Bakamba chani badokota?"

"Akuti diso ili lipume. Likachira, ayambe linzakeli. Utsi wa mtovu ayi, tinthu ting'onoting'ono ayi, mpaka mvula idzagwe ndi kutha." Anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa makiyi a shopu omangidwa pa kawaya kofiira. "M'njira monse ndimaganiza zoti nditseke. Ndinalibe munthu woti ndimusiyire. Manje ndamva zimene wachita."

Anaika makiyiwo pa tebulo, pakati pa mapulobu awiri aja, n'kuwakankhira kwa iye.

Towela sanawatole. Chimwemwe chija chinasanduka mantha. Yunifolomu yake inali itachapidwa kale, ili pa chingwe kunyumba. Sukulu inali kutsegulidwa Lolemba, ndipo teremu imeneyo inali ya mayeso omaliza.